Nsabwe Zikamabwerera M'munda wa Kasakaniza, Fufuzani Kaye Tizikumbu Tozidya

Chaka ndi chaka, mvula ikadula mu Januwale kapena mu Febuluwale, alimi a ku Mchinji, kuyambira ku Mkanda ndi ku Kapiri mpaka ku Kamwendo, amadandaula za vuto limodzi. Nsabwe zimadzaza pa nsonga za mtedza, khobwe ndi nyemba, mlimi amapopera mankhwala, nsabwezo zimatha, koma pasanathe masabata awiri kapena atatu zimabweranso, ndipo nthawi zambiri zimabwera zochuluka kuposa poyamba. Ambiri amati mankhwala amene anagula anali osukuluka, ndipo nthawi zina zimakhaladi choncho. Komabe kawirikawiri gwero la vutoli limakhala lakuti m'mundamo mulibenso tizilombo timene timadya nsabwe, makamaka tizikumbu tozungulira ta madonthomadontho timene alangizi amatitchula kuti ladybird, chifukwa tinafa ndi mankhwala omwewo, tinasowa chakudya, kapena tinasowa pobisala m'chilimwe.

Kuti mumvetse chifukwa chake nsabwe zimapambana mukapopera mwachisawawa, yerekezani kaswanidwe ka tizilombo tiwiriti. Kuno kotentha nsabwe yaikazi sidikira yaimuna ndipo siikira mazira, koma imabereka ana amoyo tsiku ndi tsiku, ndipo mwana aliyense amayamba kubereka pakatha pafupifupi sabata imodzi. Kachikumbu kodya nsabwe kamafuna masabata atatu kapena anayi kuti kachoke pa dzira kufika pokhala kachikumbu kouluka. Mankhwala akapha mbali zonse ziwiri, nsabwe zochepa zimene zinabisala m'masamba opiringizika, pamodzi ndi zamapiko zochokera m'minda yoyandikana nayo, zimapeza munda wopanda mdani, ndipo zimakhala zitaswana mibadwo ingapo tizikumbu tisanabwerere.

Kuzindikira chimene mwaona pa tsamba

Kulakwitsa kwakukulu kumayambira pa maso, chifukwa anthu ambiri amadziwa kachikumbu kakakulu kokha, osadziwa mazira ndi mphutsi zake, chikhalirecho mphutsizo ndi zimene zimagwira ntchito yaikulu. Mitundu ya tizikumbuti padziko lonse ilipo pafupifupi 6,000, koma m'minda ya m'chigawo chino cha Africa mumapezeka kwambiri ya Cheilomenes, yakuda yokhala ndi mawanga achikasu ndi ofiirira, komanso Hippodamia variegata, kocheperako, kotalikirapo thupi, kofiira ka madontho akuda. Tonseti timakhala ta mamilimita 4 mpaka 7, msana wake ndi wosalala ndi wonyezimira, ndipo mukakagwira kamatulutsa timadzi tachikasu tonunkha todzitetezera kwa mbalame.

Mazira ake ndi achikasu, osongoka mbali zonse ziwiri, ndipo amaimikidwa chilili pamodzi, khumi kapena makumi angapo, kunsi kwa tsamba pafupi ndi gulu la nsabwe. Amaswa pasanathe sabata. Mphutsi yake sifanana ndi kholo lake ngakhale pang'ono: ndi yakuda kapena yotuwa, ya timawanga tachikasu kapena toyera, ya miyendo isanu ndi umodzi, ndipo imayenda mofulumira ngati kabuluzi kakang'ono. Imafundula kangapo m'masabata awiri kapena atatu, ndipo pa nthawi imeneyi mphutsi imodzi ya mitundu ikuluikulu imadya nsabwe mazana angapo. Ikakhwima imadzimata pa tsamba, kupinda thupi ndi kukhala chete pafupifupi sabata imodzi, kenako kachikumbu kamatuluka. Ndi zomvetsa chisoni kuti alimi ambiri akaona mphutsi zimenezi pakati pa nsabwe, pa tsamba lofota, amaganiza kuti ndi zimene zawononga mbewu, n'kuthamangira kukagula botolo la mankhwala pa nthawi imene vutolo linali litatsala pang'ono kutha lokha. Palinso timitundu ting'onoting'ono totchedwa Scymnus, timene mphutsi zake zimafundidwa ndi ufa woyera, moti munthu akhoza kuziyesa kodikodi wa chinangwa. Kusiyana kwake n'kwakuti mphutsizi zimayenda msanga mukazikhudza.

Si kachikumbu kalikonse ka madontho kamene kali bwenzi la mlimi. M'banja lomweli muli gulu la Epilachna, limene limadya masamba a maungu, nkhaka, mavwende, mbatatesi ndi tomato, ndipo mtundu wina umadya masamba a chimanga ndi mapira. Timeneti msana wake sunyezimira chifukwa uli ndi tiubweya, mtundu wake ndi wofiirira mozimirira, ndipo mphutsi zake ndi zachikasu, zonenepa, za minga yambiri, zoyenda pang'onopang'ono. Timapala tsamba n'kusiya mitsempha yokha. Njira yosalephera ndi kuyang'ana pamene kachikumbu kakhala: ngati kali pa tsamba lopalidwa lopanda nsabwe, ndi kodya masamba, ndipo ngati kali pakati pa nsabwe tsamba lili losabooka, kasiyeni. Tizikumbu timene timaboola masamba a nyemba ndi khobwe zikangomera, totchedwa Ootheca, ndi ta banja lina, tilibe madontho ndipo tinyanga take ndi tatitali.

Mwapopera koma nsabwe zabwerera

Yambani ndi kuwerenga dzina la mankhwala pa botolo. Cypermethrin, lambda-cyhalothrin, deltamethrin, dimethoate ndi chlorpyrifos, amene amapezeka kwambiri m'masitolo a zipangizo za ulimi, sasankha, amapha nsabwe pamodzi ndi adani ake onse. Choipa kwambiri n'chakuti mphutsi za tizikumbu zimayendayenda poyera pa masamba ofumbata mankhwala, pamene nsabwe zimakhala kunsi kwa tsamba ndi m'kati mwa nsonga zopindika momwe mankhwala safika bwino. Nsabwe ya pa fodya, Myzus persicae, imene imagwiranso tomato, mbatatesi ndi mpiru, imadziwika padziko lonse chifukwa chopirira mankhwala a mitundu yambiri, choncho kupopera mankhwala amodzimodzi mobwereza kumangosankha nsabwe zosafa.

Zikafika apa, lekani kupopera kwa masiku angapo ndipo muyende m'munda mopingasa, m'mawa dzuwa litawomba pang'ono, mukutembenuza masamba a mbewu pafupifupi 20 m'malo osiyanasiyana. Mangani kansanza pa mbewu zingapo zimene zili ndi nsabwe zambiri kuti mudzazipeze mosavuta, ndipo mubwerere pakatha masiku atatu kapena anayi. Mukapeza mazira achikasu kapena mphutsi, ndipo gulu la nsabwe pa mbewu zomangidwa kansanza silinakule, dikirani, chifukwa adani ayamba kale ntchito. Yang'ananinso nsabwe zotupa, zouma, zofiirira, zomamatira pa tsamba: zimenezo zaikiridwa mazira ndi timavu ting'onoting'ono, ndipo m'kati mwake mukukula mdani wina wa nsabwe. Mvula yamphamvu ikagwa imakokolola nsabwe zambiri, moti ngati mitambo yayamba kusonkhana pambuyo pa ng'amba, kupopera tsiku limenelo ndi kutaya ndalama.

Vuto lina limene lakula kuyambira pamene mbozi za ntchemberezandonda zachilendo zinalowa m'dziko muno mu nyengo ya 2016/2017 ndi lakuti chimanga, chimene kale sichinkapoperedwa kawirikawiri, tsopano chimapoperedwa kangapo pa chaka. M'munda wa kasakaniza mankhwala amenewa amagweranso pa nyemba, khobwe ndi maungu. Ngati mukulimbana ndi mbozi, lunjikitsani mankhwala mu mtima wa chimanga chogwidwacho, osati kumwaza munda wonse, ndipo chitani zimenezi mbozi zikadali zazing'ono. Kumbukiraninso kuti tizikumbu timadya mazira ndi ana ongoswedwa kumene a mbozizi, ngakhale kuti patokha sitingathe kuzithetsa.

Nsabwe zilipo koma tizikumbu sitikuoneka

Apa funso siliyenera kukhala la lero lokha, koma la kumene tizikumbu tinali mu Seputembala ndi mu Okutobala. Kuno mvula imagwa nyengo imodzi, ndipo kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi minda ya kumtunda imakhala youma. Pa nthawi imeneyi tizikumbu tokhwima timabisala m'zitsamba, m'tsinde mwa udzu, pansi pa mapesi ndi masamba ouma, ndi m'makungwa a mitengo, ndipo tina timasamukira kumene kwatsala chobiriwira, monga m'madimba, m'mphepete mwa madambo ndi m'mbali mwa mitsinje ya Bua ndi Rusa. Mvula ikagwa timachokera kumeneko kubwerera m'minda. Munda umene wazunguliridwa ndi minda ina yotenthedwa, wopanda mtengo kapena mpanda wa udzu, umalandira nsabwe msanga, popeza zamapiko zimabwera ndi mphepo kuchokera kutali, koma tizikumbu timafika mochedwa ndiponso tochepa.

Moto ndi umene umawononga kwambiri. Kutentha mapesi posakula munda, ndi moto wa osaka mbewa umene umayamba mu Julayi kapena mu Ogasiti, zimapsereza malo onse obisalamo pa nthawi imene tizikumbu tilibe kwina kopita. Mlimi amene akufuna kuti vutoli lichepe chaka chamawa ayenera kulambula m'malire mwa munda wake moto usanayambe, kusiya mapesi pansi kapena kuwakwirira, ndi kusunga mizere ya vetiva pa akalozera, chifukwa udzu umenewu umateteza nthaka komanso umakhala pogona pa tizilombo tothandiza. Nandolo ndi wofunika kwambiri pa nkhaniyi, pakuti amakhala wobiriwira ndi wamaluwa chimanga ndi mtedza zitakololedwa kale, ndipo ngati ziweto sizinamudye amalumikiza nyengo ya mvula ndi chilimwe. Msangu nawo umaphuka masamba m'chilimwe pamene mitengo ina yayoyola. Mtengo wa gilisidiya umagwidwa ndi nsabwe zakuda zomwezo za mtedza ndi khobwe, motero umasunga chakudya cha tizikumbu, koma muziyang'ana nsonga zake pa nthawi yobzala, ndipo ngati zadzaza nsabwe popanda mdani aliyense, sadzani nthambizo.

Dimba lifunika kulisamala mwapadera, ndipo apa ndi pamene ndimaona kuti ambiri timadzipweteka tokha osadziwa. Tizikumbu ta mudzi wonse timasonkhana m'madimba m'chilimwe, pa repu, mpiru, kabichi, tomato ndi chimanga chachiwisi, koma ndi m'madimba momwemo mmene anthu amapopera sabata ndi sabata popanda kuyang'ana ngati pali chifukwa. Zikatero, mbewu ya tizikumbu imene ikanafalikira m'minda ya kumtunda mu Disembala imathera m'dimba. Siyani mpiru kapena repu wina kuti achite maluwa m'mphepete, lolani chisoso, luni ndi bonongwe pang'ono m'malire, ndipo gawo limenelo musalipopere.

Chakudya chake nsabwe zikatha

Nsabwe ndi chakudya chimene kachikumbu kakakazi kamafuna kuti kaikire mazira ambiri, ndipo kamodzi kokhwima kamadya nsabwe makumi angapo pa tsiku. Koma gulu la nsabwe silikhalitsa pa mbewu imodzi, limakula n'kutha m'masabata ochepa, ndipo pakati pa gulu lina ndi linzake tizikumbu timakhalira mungu, timadzi totsekemera ta m'maluwa, akangaude ang'onoang'ono a pa masamba, ndi mazira a agulugufe ndi njenjete. Zimenezi zikasowa timauluka kupita kwina, ndipo mphutsi, zimene sizingauluke, zimayamba kudya mazira a mtundu wawo ndi kudyana zokhazokha.

Ubwino wa kasakaniza pa nkhaniyi ndi wakuti mbewu zosiyanasiyana zimagwidwa ndi nsabwe zosiyana pa nthawi zosiyana. Nsabwe yakuda yonyezimira ya pa mtedza ndi khobwe, Aphis craccivora, imayamba mbewu zikadali zanthete. Nyemba zimagwidwa kwambiri ndi Aphis fabae. Chimanga chikamasula ngayaye chimakhala ndi nsabwe zake zobiriwira modera, Rhopalosiphum maidis, zimene sizigwira mbewu za mtundu wa nyemba ndipo kawirikawiri sizichepetsa zokolola kwenikweni, komanso ngayaye zimagwetsa mungu wambiri umene umatsakamira m'makhwapa mwa masamba. N'chifukwa chake pa nthawi imeneyo tizikumbu timachuluka m'chimanga, timaswana momwemo, kenako timatsikira pa nyemba ndi khobwe kapena kuwolokera m'mtedza woyandikana nawo. Choncho nsabwe zochepa pa ngayaye musazipopere, chifukwa zikukuleterani tizikumbu. Maluwa a maungu, mpendadzuwa, chitowe ndi khobwe amapitiriza kupereka chakudya mpaka m'masika.

Mlimi wa mtedza wambiri, monga alili ambiri ku Mchinji, akhoza kupindula ndi zimenezi ngakhale sasakaniza pa mzere umodzi. Kugawa munda m'zigawo zopapatiza za chimanga, mtedza ndi soya, kapena kubzala nandolo m'kati mwa mtedza, kumafupikitsa mtunda pakati pa malo oswanirana ndi malo amene nsabwe zabuka. Kachikumbu kokhwima kamauluka, koma mphutsi imangoyenda pa mbewu zokhudzana masamba, ndipo pa dothi lotentha lopanda mthunzi sipita patali.

Tizikumbu tilipo koma nsabwe sizikuchepa

Choyamba yang'anani nyerere. Nsabwe zimatulutsa timadzi tonata totsekemera, timene timachititsanso masamba kuda ndi chuku, ndipo nyerere zimakonda timadziti kwambiri moti zimalondera nsabwe, kuluma mphutsi za tizikumbu, kunyamula mazira ake ndi kupitikitsa tokhwima. Mukaona mzere wa nyerere ukukwera ndi kutsika pa tsinde, dziwani kuti gulu la nsabwe limenelo ndi lotetezedwa. Pa mbewu zochepa za m'dimba, thyolani nsonga zodzaza nsabwezo n'kuzikwirira, thirani phulusa mozungulira tsinde, ndipo gumulani funkha la nyerere limene lili pansi pa mbewuyo popalira. Musalimbane ndi nyerere za m'munda wonse, chifukwa nazonso zimadya mbozi ndi chiswe.

Chachiwiri ndi feteleza. Urea kapena CAN wochuluka amatulutsa nsonga zofewa zamadzimadzi zimene nsabwe zimaswanapo mofulumira kuposa mmene adani angazidyere, ndipo izi zimaoneka kwambiri pa masamba a m'dimba ndi pa nyemba zimene zili pafupi ndi phando la chimanga. Chachitatu ndi nthawi chabe. Ngati mukuona tizikumbu tokhwima ndi mazira koma mphutsi zikuluzikulu palibe, ndiye kuti tangofika kumene, ndipo kusintha kudzaoneka pakatha sabata imodzi kapena kupitirirapo, mphutsi zikakula.

Kadukutu pa mtedza

Pano m'pofunika kunena mosabisa kuti tizikumbu tili ndi malire. Kadukutu, amene amapinimbiritsa mtedza ndi kuchititsa masamba chikasu, amafalitsidwa ndi nsabwe zakuda zija, ndipo nsabwe zamapiko zochepa zokha ndi zokwanira kulowetsa matendawa m'munda tizikumbu tisanafike n'komwe. Tizikumbu timachepetsa kuswana kwa nsabwe ndi kufala kwa matenda kuchoka pa phando lina kupita pa linzake, koma sititseka khomo. Chitetezo chenicheni chili pa kubzala ndi mvula yoyamba, osati kusiya mtedza mpaka mutatha fodya ndi chimanga, komanso kubzala mothithikana kuti masamba aphimbe nthaka msanga, chifukwa nsabwe zamapiko zimatera kwambiri pamene mbewu zatalikirana ndipo dothi likuonekera. Pa mizere yotalikirana masentimita 75, mtedza wa mtundu wa CG7 umabzalidwa pa masentimita 15 ndipo mitundu ing'onoing'ono monga Baka ndi Kakoma pa masentimita 10, njere imodzi pa phando. CG7 ndi Chalimbana amagwidwa kadukutu mosavuta, pamene Nsinjiro, Baka ndi Chitala, zimene zinayesedwa ndi akatswiri a ku Chitedze, zimapirira. Zulani mbewu zoyamba kudwala n'kuzikwirira, ndipo m'chilimwe musalole mtedza womera wokha m'madimba ndi m'malo achinyontho, pakuti ndi mmene nsabwe ndi matenda zimadikirira dzinja. Chimodzimodzinso ziputu za fodya zophukira pambuyo pokolola, zimene ziyenera kuzulidwa.

Ngati kupopera sikungapeweke

Pali nthawi imene kudikira kungakutayitseni mbewu: pamene mbewu zikadali zazing'ono, nsonga zayamba kupiringizika m'mbali zambiri za munda, ng'amba ikupitirira, ndipo mwabwerera kawiri osapeza dzira, mphutsi kapena nsabwe zouma zija. Ngakhale zitatero, nsabwe siziyamba munda wonse nthawi imodzi, zimayamba m'zigawo, kawirikawiri m'mphepete, choncho poperani zigawo zokhazo ndipo musiye mbali zina kuti adani otsala akhale ndi kothawira ndi kochokera.

Yambani ndi zofatsa. Madzi a sopo wochapira wamtanda wosungunula pang'ono amapha nsabwe zimene awakhudza, ndipo akauma sapha kachilombo kobwera pambuyo, koma yesani kaye pa mbewu zingapo chifukwa sopo wochuluka amawaula masamba. Ombwe, amene ena amati mthuthu, amagwira bwino ntchito: umitsani masamba pa mthunzi, sinjani, viikani kilogalamu imodzi ya ufawo m'malita 10 a madzi usiku wonse pamodzi ndi sopo pang'ono, sefani ndi nsalu, ndipo mupopere madzulo, molunjika kunsi kwa masamba. Nimu ndi deliya amakonzedwa mofananamo. Mankhwala a zitsambawa akhoza kupha mphutsi imene yanyowa nawo, koma mphamvu yawo imatha msanga ndi dzuwa, n'chifukwa chake adani a nsabwe amabwerera mofulumira. Ombwe amapha nsomba, motero musatsukire sipuleya mu mtsinje kapena pa dziwe. Madzi oviikamo fodya, amene amakopa ambiri kuno chifukwa zinyenyeswa zake zili paliponse, ndi oopsa kwa wopopera, amapha tizikumbu mofanana ndi mankhwala a m'sitolo, ndipo akhoza kupatsira tomato matenda a fodya.

Mukafika pogula mankhwala a m'sitolo, funsani mlangizi wa m'dera lanu kuti akusankhireni oyenera mbewuyo, tsatirani muyezo wolembedwa pa botolo, pewani kupopera mbewu zili pa maluwa masana njuchi zikugwira ntchito, ndipo musabwereze mtundu umodzi wokhawokha. M'munda wa kasakaniza muli nkhwani, khwanya ndi chitambe zimene amayi amathyola tsiku lililonse, choncho werengani masiku oyenera kudikira musanakolole, ikani chizindikiro pa chigawo chopoperedwacho, ndipo muuze onse a pakhomo kuti asathyolepo ndiwo mpaka masikuwo atakwana.